Kuyala ulusi wa nsalu yowomba pamanja: njira zinayi, ndi imene ingakuyenereni kuno ku Zomba

Munthu amene wangopangitsa kumene chowombera nsalu mtima wake umakhala pa mitundu ndi maluwa a nsaluyo, koma ntchito imene imamuchingamira ndi ina: kuyala ulusi wautali uja umene umakungidwa kuchokera kumbuyo kwa chowombera kufika kutsogolo, umene ulusi wopingasa umadzadutsamo. Maulusi amenewa amakhala mazanamazana. Onse ayenera kutalika chimodzimodzi, kukungika chimodzimodzi, ndipo uliwonse ukhale pamalo pake osakwera unzake. Mukaphonya apa, nsalu yonse mudzaiwomba mukulimbana ndi ulusi wolendewera, mbali ina yothina, ina yokhwepa, mpaka mutu kuwawa.

Njira zimene munthu wa ku Zomba angazikwanitse zilipo zinayi: zikhomo zokhomera pansi pabwalo, felemu ya zikhomo yopachika pakhoma, felemu yozungulira, ndi kuyala pa chowombera penipenipo ndi chikhomo chimodzi. Ndinenetu kumene ndatsamira: kwa anthu ambiri felemu yapakhoma yopangidwa ndi kalipentala wa m'dera lanu lomwelo ndi yokwanira. Koma alipo ena amene siingawathandize, ndipo alipo ena amene sakufunikira n'komwe kuwononga ndalama pa iyo.

Zoyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi utali wa ulusi umene mudzayale kawirikawiri, chifukwa njira iliyonse ili ndi malire ake a mamita. Musanapite kwa kalipentala khalani pansi ndi pensulo. Tinene kuti mukufuna timphasa ta patebulo tinayi, kalikonse kotalika masentimita 45, mulifupi 30. Tinayi pamodzi ndi 180. Kalikonse kakufuna masentimita 10 a mphonje, ndiye 40 ena, tafika 220. Ulusi woyala suyenda chowongoka m'nsalu, umakwera n'kutsika pa wopingasa, komanso nsalu ikachapidwa imabwerera, choncho onjezani gawo limodzi mwa magawo 10, amene ndi 22. Tafika 242. Kenako pali ulusi umene suwombeka n'komwe, womangira kutsogolo ndi wotsalira kumbuyo kwa timaso todutsamo ulusi. Pa chowombera chachikulu choponda ndi mapazi umenewu umakhala masentimita 60 mpaka 90, pa kakang'ono ka patebulo 40 kapena 50. Tikaika 60 tapeza 302. Yalani mamita atatu ndi chikhatho chimodzi.

Kuchuluka kwa maulusi mumakudziwa ndi rula. Kulungani ulusi wanu pa rula moyandikana koma osapanikiza, muwerenge kuti wazungulira kangati pa sentimita imodzi. Ngati ndi ka 10, nsalu wamba ya kukwera umodzi kutsika umodzi ikufuna theka lake, maulusi 5 pa sentimita. Nsalu imalowa m'mbali pamene mukuwomba, ndiye pa 30 uja yalani 33. Maulusi onse ndi 165, ndipo ulusi woyala wokha ukupitirira mamita 500. Wopingasa udzafunanso mamita oposa 300. Anthu ambiri amadabwa akaona nambala imeneyi atagula kale mipukutu iwiri yokha.

Chachiwiri ndi mphambano. Kumapeto kwa ulusi woyala kumakhala zikhomo ziwiri zoyandikana. Popita, ulusi umadutsa pamwamba pa choyamba ndi pansi pa chachiwiri. Pobwerera umadutsa pamwamba pa chachiwiri ndi pansi pa choyamba. Pakati pa zikhomozo pamapangika nambala 8 yogona chammbali, ndipo mphambano imeneyi ndi imene imasunga ndondomeko ya maulusi, kuti podzalowetsa m'timaso muzitenga umodziumodzi monga munayalira. Mphambano ikatayika, maulusi 165 aja amasanduka mtolo wopiringizika. Njira iliyonse muifunse kuti mphambano ikuisunga bwanji.

Chachitatu ndi kukungika. Sikuti ulusi ukungike kwambiri ayi, koma ukungike mofanana kuyambira woyamba mpaka womaliza. N'chifukwa chake woyala akhale munthu mmodzi, ndipo ngati n'kotheka atsirize tsiku lomwelo. Dzanja lanu la m'mawa ndi la madzulo zimasiyana kale, nanji la mlamu wanu amene wangobwera kudzathandiza.

Chachinayi ndi malo ndi nyengo. Zomba ndi wa mvula. Kuyambira Novembala mpaka Epulo thambo silidalirika, mu Juni ndi Julayi kumabwera mawawa a chiperoni, ndipo Seputembala ndi Okutobala ndi mphepo ya fumbi. Ulusi wa thonje umamwa chinyezi ndipo umakola dothi msanga. Chomaliza ndi thupi lanu: njira ina imafuna miyendo, ina mapewa, ina mungathe kuichita mutakhala pampando.

Njira yoyamba: zikhomo zapabwalo

Iyi ndi njira ya makolo. M'zaka za m'ma 1800 Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu ya machila pa zowombera zapansi zogwidwa ndi zikhomo. David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire n'kufika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, analemba zoti m'midzi ankapeza anthu akupota ndi kuwomba thonje. Kachitidwe kake n'kosavuta: mumakhoma chikhomo chimodzi uku, zikhomo zitatu uko pa mtunda umene mukufuna, n'kumayenda ndi ulusi kupita ndi kubwerera.

Ndalama zake: pafupifupi palibe. Zikhomo zinayi kapena zisanu za bulugama wouma, kapena zidutswa za zitsulo zotsala pomanga nyumba, ndi hamala yobwereka. Zitsulo muzipale dzimbiri n'kuzikulunga ndi pulasitiki, apo ayi ulusi woyera udzatuluka ndi mabanga ofiira osachoka.

Kupezeka: zikhomo zili paliponse, chovuta ndi bwalo. Ku Jali, ku Mayaka kapena ku Thondwe malo osalala a mamita 10 kapena 15 sasowa. Ku Chinamwali kapena ku Chikanda, kumene nyumba zili zothithikana ndipo malo ambiri ndi otsetsereka, mudzapezeka mukuyala ulusi panjira ya anthu opita kukatunga madzi.

Kasamalidwe: zulani zikhomo mukamaliza, musunge pouma. Zamitengo zikagona pansi masiku angapo chiswe chimayamba.

Zovuta zake: chachikulu ndi chimene maso saona msanga. Maulusi akamachuluka amakoka zikhomo kuti ziweramire mkati, ndiye omalizira amakhala aafupi kuposa oyambirira. Sentimita imodzi kapena ziwiri zimenezo mudzaziona pa chowombera. Khomani zikhomo mozama, masentimita 30 kapena kupitirira, zitapendekekera kunja, ndipo dothi likakhala lofewa ndi mvula musayambe n'komwe. China ndi mtunda. Maulusi 400 a mamita 10 ndi ulendo wa makilomita anayi pabwalo lanu lomwelo, mutawerama pofika pa zikhomo. Mungachepetse ndi theka poyenda ndi maulusi awiri nthawi imodzi, chala chili pakati pawo kuti asapotane. Ndiye pali nkhuku, mbuzi, ana, ndi mtambo wochokera kuphiri umene sudikira kuti mutsirize. Yalani mphasa kapena masaka pansi pa ulusi, ndipo mukayamba musasiye mpaka mutamanga mphambano ndi kuchotsa zonse. Ulusi wogona panja usiku umadzuka ndi mame.

Ubwino wake ndi wakuti ulusi umayenda chowongoka, osakhota pa zikhomo zambiri, ndipo utali ulibe malire kupatula bwalo lanu.

Njira yachiwiri: felemu ya zikhomo yapakhoma

Ndi felemu ya matabwa anayi, yokhala ndi zikhomo kumanzere ndi kumanja, zitatu pamwamba za mphambano, ndi ziwiri kapena zitatu pansi. Ulusi umayenda mokhotakhota kuchoka kumanzere kupita kumanja, kutsika mpaka utali utakwana, kenako n'kubwerera njira yomweyo. Zikhomo za kumanzere ndi za kumanja zikatalikirana mita imodzi, kuwerenga kumaphweka, ndipo zikakhala zisanu ndi chimodzi mbali iliyonse mumayala mamita 11 kapena 12 mutaima malo amodzi.

Ndalama zake: matabwa anayi, zikhomo pafupifupi 18, guluu, sandipepa ndi tsiku limodzi la kalipentala. Ndi ntchito yocheperapo kuposa chitseko. Zopangidwa kale zilipo, za makampani monga Ashford ya ku New Zealand kapena Schacht ya ku America, ndipo n'zosalala bwino, koma mumalipira mu madola, kuwonjezapo mtengo wotumizira ndi msonkho wa MRA. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa matabwa anayi ndi zikhomo kuchokera kutsidya kwa nyanja n'kovuta kukufotokoza. Ndalama imeneyo isungireni chipeso cha chitsulo chokankhira ulusi wopingasa, ndi timaso, zimene kalipentala sangakupangireni mosavuta.

Kupezeka: kalipentala aliyense wa ku Matawale, Mpondabwino kapena Songani angaipange, bola mumuuze mwatsatanetsatane, chifukwa ambiri sanaionepo ndipo adzaganiza kuti ndi chopachikapo zovala. Apa ndi pofunika kuchedwapo. Matabwa akhale ochindikala, osachepera masentimita 4 kwa 7, ndipo akhale ouma. Paini wa kuphiri ndi wopepuka ndi wosadula, koma ndi wofewa ndipo nthawi zambiri amagulitsidwa asanaume. Wauwisi amapotoka pakapita milungu, felemu n'kumagwedera pakhoma. Paini wouma angakhale felemu, koma zikhomo zikhale za mtengo wolimba, zidutswa za mlombwa kapena mbawa zotsala pa ntchito ina, kapena bulugama wouma. Mipini ya mopu nayo imagwira ngati ili yowongoka. Chikhomo chikhale chonenepa masentimita awiri kapena awiri ndi theka, chotulukira kunja masentimita 15, ndipo pakati pa chikhomo ndi chinzake pakhale mpata woti dzanja lanu lidutse litafumbata, masentimita 12 kapena 15. Muwauze kuti, "Bambo, zikhomozi musazikhomere ndi msomali kuchokera kuseri. Boolani thabwalo mpaka kutulukira, chikhomo chilowe mothina ndi guluu." Chikhomo cha msomali umodzi chimawerama tsiku loyamba lomwe. Pamakona pakhale zomangira zolimba, osati misomali iwiri yokha.

Mukapita kukatenga, nyamulani kansalu kosalala kapena sokosi yopyapyala, mupukute nayo chikhomo chilichonse. Pamene yakodwa, ulusi udzakodwanso. Abwereze sandipepa muli pomwepo.

Kasamalidwe: kochepa. Zikhomo musazipake vanishi wambiri, amamata nyengo yotentha. Kuzipaka kandulo pang'ono n'kupukuta n'kokwanira. M'nyengo ya mvula makoma ambiri a ku Zomba amachita chinyezi, ndiye ikani timatabwa kuseri kuti felemu isagunde khoma, ndipo musasiye ulusi pamenepo kwa milungu, umachita nkhungu. Chaka chilichonse gwedezani chikhomo chimodzichimodzi, chogwedera muchimatenso.

Zovuta zake: zikhomo za felemu nazo zimawerama mukazisenzetsa katundu wambiri. Musayale maulusi 400 nthawi imodzi. Gawani mitolo ya 100 kapena 120, uliwonse ndi mphambano yake, ndipo ulusi watsopano uzigona pambali pa unzake, osati pamwamba pake. Mukayala angapo, akankhireni kumunsi kwa chikhomo. Phewa limatopa, makamaka felemu ikapachikidwa pamwamba kwambiri. Zikhomo zapamwamba zikhale molingana ndi maso anu. Amene muli pa lendi ndipo alandilodi safuna misomali pakhoma, iimikeni pa benchi n'kuitsamiritsa, mutaimangirira kuti isaterereke.

Musanayambe, dulani chingwe chosatamuka cha mtundu wina molingana ndi utali umene munawerengera, muchiyendetse pa zikhomo mpaka mupeze njira imene chikukwanira ndendende. Chisiyeni pomwepo kuti ulusi uzichitsatira. Powerenga, mangani kaulusi ka mtundu wina pa maulusi 20 alionse pafupi ndi mphambano, kuti wina akakuitanani musayambirenso pa 1.

Mwina mukufuna kungoyesa kaye. Tebulo laling'ono kapena mipando iwiri yogadabuza miyendo m'mwamba imagwira ntchito ya felemu pa ulusi wa mamita awiri kapena atatu, bola miyendoyo ikhale yowongoka, yopanda zokongoletsa zotupa kumapeto zimene zingakanize ulusi kutuluka.

Njira yachitatu: felemu yozungulira

Iyi ndi nsanja ya mizati inayi yoimirira imene imazungulira pa chitsulo chapakati. Pamwamba ndi pansi pali timatabwa topingasa tokhala ndi zikhomo za mphambano. Dzanja limodzi limazunguza, lina limatsogolera ulusi kuti uzitsika mozungulira, ukafika pansi n'kubwerera. Mizati ikatalikirana masentimita 50, kuzungulira kamodzi ndi mamita awiri, ka 10 ndi mamita 20.

Ndalama zake: kangapo kuposa felemu yapakhoma. Matabwa ndi ambiri, ndipo pafunika amisiri awiri, wa matabwa ndi wowotcherera zitsulo. Pozungulira pake ena amaikapo habu ya njinga, ena bering'i yakale ya galimoto.

Kupezeka: m'sitolo za m'tauni muno si chinthu choti mungalowe n'kugula. Muyenera kupangitsa, ndipo mmisiri wosaionapo amavutika ndi chithunzi cha pafoni chokha. Mukapeza mwayi wokacheza kumene amawomba tsiku ndi tsiku, monga ku fakitale yowomba ya bungwe loona za anthu aulumali ku Bangwe mu Blantyre, kaoneni mmene amayalira ulusi wautali musanapereke ndalama kwa aliyense.

Kasamalidwe: pozungulira pafuna mafuta, koma dontho la oyilo likagwera pa thonje silichoka, ndiye thirani pang'ono n'kupukuta. Mizati iziima chilili. Ikapendekeka, nsanjayo imazungulira yokha kubwerera mbali yolemera. Imadya malo, pafupifupi mita imodzi mbali zonse kuphatikiza poimapo inu, pokhapokha mmisiri ataipanga yopindika.

Zovuta zake: liwiro lake lomwelo ndi limene limapusitsa. Mukaizunguza mwamphamvu imapitirira, ulusi n'kukhwepa n'kutsetserekera pansi pa mizati. Maulusi akaunjikana pamwamba pa anzawo, omalizira amakhala aatali kuposa oyamba, mosiyana ndi vuto la zikhomo lija. Ndipo ana akaiona saona chida cha ntchito. Koma pa ulusi wa mamita 15 kapena 20 palibe ina yofanana nayo, ndipo kwa munthu wovutika miyendo kapena phewa, iyi ndi imene angagwiritse ntchito atakhala pampando. Ine ndimaiona ngati chida cha gulu kapena cha munthu amene ali ndi maoda a mwezi ndi mwezi. Woyamba kumene akaigula imangosanduka poyanika matawulo.

Njira yachinayi: kuyala pa chowombera penipenipo

Iyi ndi ya zowombera zazing'ono za patebulo, zija zili ndi chipeso cholimba chokhala ndi mipata italiitali ndi timabowo mosinthana. Mumamangirira chowombera kumapeto kwa tebulo, chikhomo chimodzi n'kuchimangirira patali molingana ndi utali umene mukufuna. Ulusi umayambira pa kamtengo kakumbuyo. Mumaukoka uli wopinda pawiri kudutsa mu mpata wa chipeso, kukaukoleka pa chikhomo, kubwerera, kuzungulira kamtengo, kulowa mpata wotsatira. Mukamaliza mumadula pa chikhomo, kukulunga ulusi wonse kumbuyo, kenako pa maulusi awiri a mu mpata uliwonse umodzi mumausamutsira m'kabowo koyandikana nako. Mphambano siifunika chifukwa chipeso chasunga kale ndondomeko. Felemu ya misomali yowombera timphasa ndi zopachika pakhoma nayo ili m'gulu lomweli: ulusi umangokwera ndi kutsika pa misomali.

Ndalama zake: chikhomo chimodzi ndi zopanira ziwiri. Kupezeka: kwa amene ali ndi chowombera cha mtundu umenewu basi. Pa chachikulu choponda ndi mapazi njirayi siyenda bwino. Kasamalidwe: palibe choti n'kunena.

Zovuta zake: malire ndi chipinda chanu, ndipo kupitirira mamita atatu kapena anayi ulusi umayamba kulendewera pakati. Pali kanthu kenanso kamene ogulitsa zowombera zimenezi satchula kawirikawiri. Maulusi onse akukumana pa chikhomo chimodzi, ndiye a m'mbali amayenda mtunda wautali kuposa apakati. Pa nsalu ya mulifupi masentimita 60, chikhomo chili pa mamita awiri, a m'mbali amatalika ndi masentimita awiri. Pa mpango wopapatiza zilibe kanthu, koma pa nsalu yotambalala ikani zikhomo ziwiri kapena zitatu motalikirana. Choopsa kwambiri ndi chikhomo kusuntha kapena kugwa muli pakati pa ntchito, chifukwa popanda mphambano palibe chogwira maulusiwo. Mangani kawiri, ndipo tebulo lopepuka muliikepo thumba la chimanga. Komanso simungayale ulusi wa ntchito yamawa pamene chowombera chili ndi nsalu ina. Pa felemu mungayale mitolo itatu n'kuisunga.

Palinso njira ina ya m'mafakitale ang'onoang'ono, yokulunga ulusi chigawochigawo pa mtanda wakumbuyo kuchokera pa mipukutu 20 kapena 30 nthawi imodzi. Imafuna mtanda wapadera, bokosi lokungira ulusi ndi ulusi wambiri wogula pakamodzi. Ngati mukuwerenga nkhaniyi kuti musankhe koyamba, imeneyo si yanu panopa.

Kuchotsa ndi kukulunga: pamene njira zitatu zoyamba zimakumana

Ulusi usanachoke pa zikhomo, mangani mphambano ndi ulusi wa mtundu wina, pakati pake ndiponso pa nthambi zake zinayi. Kenako mangani mtolo wonse mothina pa mita iliyonse kuti maulusi asatererekerane. Pochotsa yambirani mbali ya kutali ndi mphambano, muziulowetsa mtolowo m'lupu yake yomwe monga amayi amayambira madoyilo ndi koloshi, kungoti pano koloshi ndi dzanja lanu. Mtolo woterewu mungauike m'thumba la pilo n'kuusunga.

Pa chowombera, timitengo tiwiri tosalala timalowa mbali ziwiri za mphambano n'kumangidwa kumapeto. Thabwa la misomali yotalikirana sentimita imodzi kapena ziwiri limagawa maulusi kuti atambalale molingana ndi mulifupi mwa nsalu. Pokulunga pa mtanda wakumbuyo muziika pepala lolimba, katoni yopyapyala kapena timitengo ta nsungwi pakati pa mizere, kuti ulusi wapamwamba usamire mwa wapansi. Makalendala akale amachita bwino. Nyuzipepala ndi yofewa ndipo imasiya inki. Nsungwi zikhale zouma ndi zopalidwa, ndipo muzionetsetsa kuti sizinafumbwe. Mukasowa wokugwirirani ulusi pokulunga, gawani mitolo yofanana, uliwonse mupachikepo botolo la madzi ofanana. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo botolo silitopa dzanja kapena kucheuka wina akamalonjera.

Za ulusi weniweniwo

Mtundu wa ulusi nawo umakankhira ku njira ina. Uyeseni kaye: kokani ndi manja awiri, ndipo mupale ndi chikhadabo kangapo. Ukaduka mosavuta kapena kunyenyeka, ukhale wopingasa. Wa thonje wa nkhosi ziwiri kapena kuposa ndiwo wodalirika pa njira zonse. Ulusi wolukira majuzi umene wadzaza mumsika wa Zomba umatamuka, ndiye pa felemu ya zikhomo zambiri kapena pabwalo n'kovuta kuukunga mofanana. Umayenda bwino pa ulusi waufupi woyala pa chowombera pomwepo. Womasula ku majuzi a kaunjika ndi wopiringizika ndi wa mfundo zambiri, usakhale woyala. Ulusi wa nayiloni wosokera maukonde, umene asodzi a ku Chilwa amagwiritsa ntchito, ndi wolimba pa makapeti a zidutswa za zitenje, koma umaterera, mfundo zake zimamasuka, ndipo pa felemu yozungulira umatsetsereka msanga. Wopota nokha kuchokera ku thonje la ku Balaka kapena Chikwawa, wa nkhosi imodzi, umafuna kuuviika m'phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa n'kuuyanika usanayalidwe, kuti ulimbe ndi kugona ubweya. Woterewu musausunge nthawi yaitali, mphemvu zimaukonda. Mfundo iliyonse imene mwaipeza poyala, bwererani nayo ku chikhomo chakumapeto mukalumikizire kumeneko, isakhale pakati. Ndipo ngati ulusi mukukagula ku Limbe, gulani wonse pakamodzi ndi wapadera pang'ono, chifukwa mtundu womwewo wa ulendo wina umasiyana kawalidwe.

Ndiye ndani atenge iti

Mwangoyamba kumene, muli ndi kachowombera ka patebulo, mukufuna mipango ndi timphasa: yalani pa chowombera pomwepo, musapangitse chilichonse. Mudzadziwa nokha kuti nthawi ya felemu yakwana tsiku limene chipinda chidzakucheperani.

Muli kumudzi, bwalo lilipo, ndalama ndi yochepa, ndipo mumawomba mukamaliza zokolola: zikhomo zapabwalo, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, tsiku lopanda chiperoni, m'mawa mame atauma ndipo mphepo isanayambe. Zikugwiraninso ngati mwalandira oda imodzi ya nsalu yaitali kuposa felemu yanu ndipo simukuyembekeza ina.

Muli m'tauni, muli ndi chowombera choponda ndi mapazi, mumawomba chaka chonse mamita atatu mpaka 12: felemu yapakhoma. Chimodzimodzinso sukulu kapena gulu lophunzitsa achinyamata, chifukwa pa felemu wophunzira amaona mphambano ikupangika pamaso pake ndipo akalakwitsa zimaonekera pomwepo.

Ndinu gulu la anthu angapo ogawana chipinda chimodzi, kapena mumagulitsa makatani ndi nsalu za pabedi zimene zimafuna mamita 15 kupita m'tsogolo mwezi ndi mwezi, kapena kuimirira ndi kutambasula mkono kumakuvutani: sonkhani ya felemu yozungulira. Mugwirizane kuti mtolo uliwonse aziyala munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mukamapita kwa mmisiri mutenge mpukutu wa ulusi wanu kuti mukaiyesere konko musanalipire ndalama yotsala.